Sabina ndi Nyenyezi Imene Anaitcha Nakala

Sabina Nkalapa anali mlembi pa ofesi yathu ku Balaka, ya bungwe lokumba mijigo m'midzi ya Machinga. Ine Usumani ndinali dalaivala wa lole yonyamula mapaipi. Ndikulemba za iyeyu chifukwa pakamwa pangapa panatsala pang'ono kumutayitsa ana ake, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Anabadwira pa Nkaya, m'nyumba za anthu a njanji. Bambo ake anali m'gulu limene linayala zitsulo kuchokera pa Nkayapo kukafika ku Nayuchi. Ankamuuza kuti njanjiyo siithera pamalire, imapitirira mpaka ku Nakala kumene kuli nyanja ya madzi amchere, ndipo tsiku lina adzakwera naye sitima akaione. Anamwalira asanatero, nkhondo ya ku Mozambiki nayo inadzasokoneza njira. Zotsala zonse za moyo wake anamusankhira ndi anthu ena. Asisiteri anamusankhira kosi ya taipi, amalume ake anamusankhira mwamuna, mwamunayo anasankha yekha kupita ku Joni osabwerako, n'kumusiyira ana awiri. Sabina ankangoti "chabwino," n'kupitiriza kutaipa.

Mu 1989 injiniya wathu wachizungu anabweretsa kompyuta yolembera malipoti a mijigo. Enafe tinkailambalala ngati njoka, koma Sabina anaizolowera m'sabata ziwiri. M'dirowa ya tebulo lake mzunguyo ankasungamo kadisiki ka masewera, ndipo tsiku lina pa nkhomaliro anamuonetsa kaseweredwe kake.

Masewerawo anali otere. Amakupatsa kachombo kachabechabe kouluka m'mlengalenga, ndi mapu a nyenyezi mazanamazana. Nyenyezi iliyonse ili ndi doko lake, msika wake, ndi boma lake. Umanyamula katundu, kaya chakudya kaya mfuti, uku kukagulitsa uko, ukapeza kangachepe umakonza chombo chako kuti chipite patali. M'njira muli achifwamba. Akakuphulitsa, dzina lako limafufutika padisikipo, uyambirenso pachiyambi ndi kachombo kachabechabe kaja. Pagalasi sipankaoneka chodabwitsa, timizere toyera ndi timadontho basi, ngati mpunga wotayikira pansalu yakuda.

Ine zinkandinyansa kuona munthu wamkulu, mayi wa ana awiri, akudyera chinangwa chake pa mabatani. Ndinkasuzumira pawindo n'kumufunsa, "Achemwali, lero mwawina?"

"Sawina, achimwene."

"Nanga amathera pati?"

"Pamene wafuna mwini wake."

Ndinkapukusa mutu. Mzungu uja cholinga chake chinali kukwera maudindo, choncho ankangoombera chilichonse chodutsa, ndipo ankaphulika kawiri pa sabata n'kumatukwana m'chinenero cha kwawo. Sabina analibe nazo ntchito za maudindo. Tsiku loyamba lomwe anayang'ana mapu aja, naloza kadontho ka pakona penipeni, kutali kuposa tonse, n'kunena kuti akupita kumeneko. Mzunguyo anaseka, nati thanki ya kachombo kameneko singafike ngakhale kotala ya njira. Chaka chotsatira anabwerera kwawo, disiki anaisiya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Sabina anadekha. Chaka choyamba chonse ankangozungulira pakati pa nyenyezi ziwiri zoyandikana, kunyamula chakudya, mpaka anakulitsa mosungira katundu. Chaka chachiwiri anagula thanki yaikulu ndi zishango. Akaona achifwamba ankathawa, akakayikira njira ankadikira mawa. Ola limodzi la nkhomaliro, Lolemba mpaka Lachisanu, zaka zitatu, osaphulika ngakhale kamodzi. Ankati akafika kunyumba n'kuona denga likudontha, mtima sunkapweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti mawa asuntha pang'ono paulendo umene palibe anamutuma.

Vuto linali maina. Nyenyezi zija zinali ndi maina opinda lilime, ndiye mwana wa munthu wa njanji anachita zimene akanachita bambo ake. Anagula kope la ana asukulu, nazitchanso maina a masiteshoni ndi misika ya kwathu kuno. Poyambira panali Balaka, kenako Nkaya, Liwonde, Ntaja, Chikweo, Nayuchi. Maina atamuthera anayamba kubwereza ndi manambala. Kadontho ka pakona kaja anakatcha Nakala. Pansi pa dzina lililonse ankalemba zimene wapezako, m'Chichewa chake chosamala, ndi inki yabuluu.

Tsopano za pakamwa panga. Pamwamba pa galasi makinawo ankalemba udindo wa woyendetsa chombo, ndipo mzungu uja anatiuza kuti mawuwo ndi Kamanda. Dzinalo ndinalitola ine. Mu ofesi linkasekesa, koma ine sindidziwa polekezera. Loweruka lina mu Epulo 1992 ndinamuona pamsika akusankha matemba, ndipo ndinafuula ndili pa lole, "A Kamanda! Mfuti zija zatsika mtengo ku Nayuchi?"

Palibe anaseka. Mayi wogulitsa matembayo anawerama n'kuyamba kukonza milu yokonzedwa kale. Inali miyezi imene kalata ya maepisikopi yodzudzula boma inali itangowerengedwa m'matchalitchi, ndipo mphekesera inali ponseponse yoti alembi ndi anthu okhala pafupi ndi makina osindikizira akutengedwa. Sabina anangondiyang'ana, nalipira matemba ake, napita. Ndinadziwa pomwepo kuti ndalakwa, koma mawu akatuluka sabwezedwa.

Anabwera Lachinayi, cha m'ma 11 koloko m'mawa, pa galimoto yoyera. Anali awiri, anthu aja amene aliyense ankawazindikira koma palibe ankawatchula. Bwana wathu a Ambrose anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano ku Ulongwe, natulukira khomo la kuseri. Ine ndinali m'katimo kudzasainitsa pepala la dizilo, ndipo wachinyamata mwa awiriwo anaima pakhomo, nandiuza ndi chibwano chake kuti ndikhale pansi. Wamkuluyo anali bambo waulemu, wa imvi m'mbali, wonyamula kampango kopukutira thukuta. Anatsegula madirowa mmodzimmodzi mosapupuluma mpaka anapeza kope lija.

"Inu ndi a Kamanda?" anafunsa.

"Ndine Sabina Nkalapa, bwana. Linalo ndi dzina la masewera."

"Masewera," anatero, akutsegula masamba. Anayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi. "Nayuchi: mfuti n'zotchipa, doko salondera bwino. Liwonde: apolisi ndi ambiri, osadutsa ndi katundu woletsedwa. Ntaja: boma la munthu mmodzi, anthu ake ndi osauka, achifwamba ali paliponse. Chikweo: boma losankhidwa ndi anthu, njira yabata." Anatseka kopelo, nachisiya chala chake m'kati. "Mayi, dzanja ili ndi lanu?"

"Ndi langa, bwana."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kambirimbiri tikuseka, koma m'kamwa mwa bamboyo anamveka ngati chingwe. Sabina analongosola zonse mofatsa, za mzungu, za disiki, za maina opinda lilime. Ndinayesa kulowererapo kuti ndine ndinayambitsa dzinalo, koma wapakhomo uja anati, "Achimwene, nthawi yanu ifika."

Wamkuluyo anauza Sabina kuti ayatse makinawo. Timadontho tija titabwera, anakoka mpando, naonerera kwa kanthawi ndithu. Sabina anamuonetsa mapu, msika, ndi dzina lenileni la nyenyezi imene iye ankaitcha Ntaja. Ndinayamba kupuma, poganiza kuti zamveka. Kenako bamboyo anafunsa funso langa lomwe lija.

"Amawina ndani?"

"Palibe, bwana."

"Amatha liti?"

"Satha."

Anapukuta khosi ndi kampango kake. "Mayi, ine ndakula ndikusewera bawo. Bawo amawina. Mpira amawina. Ngakhale ana osewera fulaye amadziwa amene wafa. Koma chinthu chimene munthu amachichita mwakachetechete zaka zitatu, anzake ali kunja, n'kumalemba m'kope za mfuti ndi za maboma, chopanda wowina, chopanda mathero, kwathu timachitcha pulani. Zimitsani. Mukalongosole bwino kutsogoloku."

Kutsogoloku tonse tinkakudziwa. Anthu opita kumeneko sankauzidwa tsiku lobwerera. Sabina anayang'ana wotchi ya pakhoma. Ana ake ankaweruka kusukulu 12 koloko ikakwana, n'kudutsira pa ofesipo kudzatenga kiyi wa kunyumba, ndipo analibe wina aliyense ku Balaka wowatsegulira khomo.

"Bwana," anatero, mawu ake osanjenjemera, "ndifunseko. Munthu wa pulani angaiphwanye yekha pulani yake?"

"Mukutanthauza chiyani?"

Analoza pagalasi. Anati chombo chake chili apa, ndipo kadontho ka pakonaka ndi kumene wakhala akulowera zaka zonsezi. Kwatsala ulendo umodzi wokha, mafuta alimo okwanira, amafuna kunyamuka pa nkhomaliro ya lero lomwe. Anati nyenyezi iliyonse ili ndi moto wake, ndipo chombo chikauyandikira chimapsa, dzina limafufutika, sizibwereranso. "Ndikachilowetsa pamotopo inu mukuona, mukhulupirira kuti n'zachibwana?"

Ine sindinkadziwa kuti wafika pafupi chotero. Sanauze munthu.

Bamboyo anaganiza kaye. Kenako anakokera mpando wake kumbali, kuti asaonenso galasi koma nkhope ya Sabina. "Chitani. Koma ine makina sindiwadziwa, mayi. Anthu ndiye ndimawadziwa. Munthu akataya chidole amaseka. Akataya chinthu chenicheni, nkhope imanena yokha."

Sabina anaika zala pa mabatani. Chombo chinatuluka padoko, chinatembenuka, ndipo bwalo loyera linabwera pakati pa galasi n'kuyamba kukula. Makina anayamba kulira mokuwa, kuchenjeza za kutentha. Pomwepo Sabina anayamba kuseka. Anaseka ngati mayi amene wamva nthabwala pamjigo, mutu chagada, nati, "Achimwene a Usumani, taonani Kamanda wanu akupsa ngati mbewa!" Ndinazindikira kuti akundipempha thandizo, ndipo nanenso ndinaseka, kuseka konyansa kumene sindinasekeponso chibadwire. Bwalo lija linadzaza galasi lonse. Bamboyo sanaphethire. Ankayang'ana maso a Sabina, milomo yake, khosi lake pamene mtsempha unkagunda.

Kulira kwa makina kunaleka. Timizere tinabalalika, galasi linada, ndipo panabwera mawu ofunsa dzina la woyendetsa watsopano.

"Basi, zatha," anatero Sabina akuomba m'manja, akusekabe. "Zaka zitatu, phulusa lokhalokha. Mufuna muyeseko, bwana? N'zosavuta."

Bamboyo anapinda kampango kake pang'onopang'ono. Kenako anamwetulira pang'ono, naimirira, naika kope ndi disiki m'thumba la jekete. "Akazi a masiku ano," anatero kwa mnzakeyo. Atafika pakhomo anatembenukira kwa ine. "Inu achimwene, pamsika muzigula matemba, osati kulalikira."

Anatuluka. Tinamva zitseko za galimoto, injini, matayala pamiyala. Sabina anali akusekabe, koma tsopano kuseka kwake kunali kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, manja atagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinagwada pansi pomwepo, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, n'kuyamba kupepesa m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe.

"Apita?" anafunsa, mano ali pamtunda.

"Apita, achemwali."

"Kayang'aneni bwino."

Ndinatuluka mpaka pamsewu. Galimoto inali itakhota kale, fumbi lokha likutsika. Cha kumunsi ndinaona ana ake awiri akubwera ndi mabuku m'manja, wamkulu akukoka wamng'ono. Ndinabwerera n'kumuuza kuti galimoto kulibe, koma ana ali pafupi, afika posachedwa.

Anagwedeza mutu, nkhope ikadali yomwetulira ngati yauma choncho.

"Atengereni ku golosale, achimwene, mukawagulire chilichonse. Muwachedwetse pang'ono. Ndikufuna ndisiye kaye kuseka."