Nyali Ziwiri za Tiyamike

Fungo la masamba a tiyi onyowa likandipeza, ngakhale lero, mtima umandigunda ngati ndasiya mwana pamsewu. Limandibwezera kunyumba kwathu ku esiteti ku Thyolo, chaka chimene chiperoni chinakhazikika milungu yathunthu, nkhungu yake yoti mbuzi ili pakhomo pako osaiona.

Nyumbayo inali kumapeto kwa kanjira kothina pakati pa minda ya tiyi. Bambo anali ndi pikapu yakale yonyamulira nthochi kupita nazo ku Limbe, ndipo poti panalibe potembenukira, m'mawa uliwonse ankatuluka chafutambuyo. Amayi ankakhala atalawirira kale kokathyola tiyi. Ine Esinati, wa zaka zisanu ndi zinayi, ntchito yanga inali kugwira dzanja la mng'ono wanga Tiyamike mpaka galimoto itachoka. Tiyamike sankamva. Malungo aakulu anamutseka makutu ali ndi zaka ziwiri, choncho hutala kwa iye sinali kanthu. Ndiye kamwanako kankakonda kuothera utsi wofunda wa kumbuyo kwa galimoto injini ikamalira.

Tsiku lina ndinamusiya pang'ono kuti ndikapulumutse mbatata yanga pamoto. Ndinangomva kuti phwa! Pothamangira panja ndinapeza bambo atagwada m'matope, kabeseni ka Tiyamike kataphwanyika pansi pa tayala, mwiniwake ataima pambali chala chili m'kamwa. Bambo sanandimenye. Bola akanandimenya. Anakhala pabampala nthawi yaitali, ndipo ku Limbe tsiku limenelo sanapite.

Kuyambira pamenepo mantha anandilowa m'mafupa. Ndinkamugwira Tiyamike mpaka zala zanga kudindika pamkono pake. Kenako ndinayamba kumumangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje, iye akulira, ine osamumvera chisoni. Phala silinkatsika. M'kalasi injini ya thirakitala ikalira kumunda, ndinkadzidzimuka n'kuyang'ana dzanja langa lopanda kanthu.

Lachisanu lotsatira bambo anabwera msanga ndi nyali ziwiri zozungulira, waya wofiira ndi kabokosi ka mafyuzi. Anaboola bampala ya kumbuyo, n'kugona chagada pasaka pansi pa galimoto, kufunafuna waya wa giya ya livesi kuti nyalizo ziziyaka zokha. Fyuzi inapsa kawiri. Fungo la pulasitiki wopserera linadzaza pabwalo, kwinaku kukuyamba kuda, ndipo kwathu dzuwa la Lachisanu likalowa, sipanala imagona mpaka Sabata litatha.

"Bambo a Esinati, Sabata silidikira waya wanutu," anatero amayi ali pakhonde.

"Ndatsala pang'ono, mayi. Galimotoyi sichokanso pano popanda zimenezi."

Anamanga bawuti yomaliza anzathu a nyumba yoyandikana atayamba kale nyimbo yolandirira Sabata. Zoti nyalizo zigwira kapena ayi palibe ankadziwa, ndipo kutchalitchi ulaliki wonse unandidutsa.

Lamlungu m'mawa, nkhungu ili bii, bambo anaimika Tiyamike kumbuyo kwa pikapu, injini yozima, mwala uli kutayala. Analowetsa livesi. Nyali zija zinang'amba nkhungu mpaka madontho a pamasamba a tiyi kuoneka. Amayi anamunyamula Tiyamike n'kuthamanga naye pakhonde. Anabwereza kangapo, mpaka mwanayo anayamba kuthamanga yekha, akuseka, n'kulandira nthochi yakupsa nthawi iliyonse akafika.

Lolemba ndinatenga chitenje changa monga mwa masiku onse. Bambo anandilanda n'kuchipinda.

"Iwe kavale yunifolomu. Ntchito imeneyi si yako."

Ndinaima pawindo. Injini inalira, Tiyamike n'kutsetsereka kupita ku utsi wake uja. Nyali zinayaka. Anatembenuka, kuthamanga, kukwera pakhonde, n'kutambasula dzanja kufuna nthochi. Bambo anatsika, anazungulira galimoto yonse ndi maso awo, kenako anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kuzungulirako sanakusiye mpaka pikapuyo inatha.

Ndinalira njira yonse ya kusukulu. Ndinkati bambo andichotsa ntchito, aona kuti bola nyali kusiyana ndi mwana wosiya mbale wake chifukwa cha mbatata. Ndinakhala nazo mumtima zaka zambiri. Lero mwana wanga woyamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikayang'ana timanja take ndimaona chimene bambo anaona ali pabampala paja. Pabwalo paja panali ana awiri ofunika kuwapulumutsa.