Wowotcherera Zitsulo ndi Ulusi wa Pinki

Alamu anga ndi munthu wa zitsulo. Akhala akuwotcherera mageti ndi mawindo kuyambira ine ndili kamtsikana, ndipo zala zawo n'zonenepa, zakuda, zipsera zokhazokha. Kunyumba sankadziwa ngakhale pomwe pamakhala masupuni. Batani likathothoka pa malaya ankangoima pakati pa balaza n'kuyamba kukuwa kuti, "Amayi a ana!"

Ndiye tangoganizani mmene ndinadzidzimukira nditawapeza ali khale pampando, ulusi wa pinki uli pamiyendo, akulimbana ndi kasingano kolukira.

"Alamu! Mutu ukuyenda bwinobwino?"

"Ndikuphunzira," anatero, osadzutsa n'komwe nkhope.

Woluka m'nyumba imeneyo anali achemwali anga, akazi awo. Tizipewa ta makanda, majuzi, mashawelo, anthu ankachita kulimbirana. Koma chaka chatha anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka. Adokotala sanabise: akapanda kumaligwiritsa ntchito, zalazo ziumiratu. Anawapatsa kampira koti azifinya, achemwali n'kukaponya kuseri kwa kabati. Dzanjalo analifunditsa nsalu, osafunanso kuliona. Tinanyengerera, tinakalipa, ine mpaka kulira, koma ayi ndithu.

Tsono mwana wawo wamkazi anali woyembekezera, ndipo alamu analengeza kuti shawelo ya mdzukulu aluka okha. Anatenga ulusi womwe achemwali anausunga mwapadera, n'kumakhala maso ndi maso ndi achemwaliwo tsiku lililonse akaweruka.

Mayo ine, zimene ankalukazo! Apa chibowo cholowa chibakera, apo mfundo, m'mbali mukunka mupindika. Chinthucho chinkaoneka ngati chiguduli chopukutira pansi.

"Lowetsani pansi, bambo, osati pamwamba!" achemwali ankatero, mawu akutuluka movutikira. "Maso muli nawo?"

"Chonchi?"

"Ayi! Mwadumphanso!"

Ine zinkandipsetsa mtima zedi. Ndinawakokera alamu kukhitchini n'kuwauza kuti asiye kuzunza munthu wodwala, shawelo tikagula kusitolo. Anangondiyang'ana n'kubwerera pampando wawo.

Loweruka lina alamu anakoka ulusi mwamphamvu mpaka kuduka. Achemwali anakuwa, ndipo ndisanadziwe chomwe chikuchitika, anali atatsomphola kasingano kaja. Ndi dzanja lamanja! Ndinangoti kakasi, mbale zili m'manja. Zala zikunjenjemera, thukuta lili kamukamu, anamasula zonyansa zonse zija n'kuluka mzere umodzi, wokhotakhota koma wawo.

"Mwaona? Pitirizani," anatero atatopa.

Alamu anapitiriza, n'kuwononganso. Mawa lake chimodzimodzi. Iwo kuwononga, achemwali kulanda n'kukonza akutukwana. Ndinafika povomereza kuti pali anthu ena mitu yawo siilowa zinthu.

Patapita miyezi, mwendo wa mpando wanga wachitsulo unathyoka, ndiye ndinapita nawo kushedi komwe alamu amagwirira ntchito. Inali nthawi yopuma, makina ali zii. Ndinazungulira kuseri kwa malata oimikidwa, ndipo ndinawapeza atakhala pa chitini cha penti, magalasi owotcherera ali pachipumi, akuluka kachipewa ka khanda. Kasingano kankangoti nyezinyezi m'zala zija, ndipo kachipewako kanali kosalala, kamaluwa m'mphepete, kopanda pena paliponse polakwika.

Mpando unandipulumuka n'kugwa pansi.

"Alamu! Waluka ndani ichi?"

Anayesa kubisa kumbuyo, koma anali atachedwa. Anaulula kuti mayi wogulitsa ulusi kumsika anawaphunzitsa kalekale, achemwali atangotuluka m'chipatala.

"Nanga zamanyazi mumachita kunyumba zija?"

"Mlamu, musaone ngati n'zophweka. Kulakwitsa dala kumatopetsa kuposa kuluka bwino. Koma tsiku lomwe ndidzaluke mzere wowongoka, achemwali anu adzangopinda manja n'kumaonerera. Bola azinditukwana."

Manyazi anandigwira, misozi n'kulengeza. Ndinapempha kuti andipatse kachipewako ndikasungire mdzukulu.

"Ayi. Akangokaona azindikira, si ana aja."

Anasolola kasingano, n'kugwira nsonga ya ulusi, n'kuyamba kukoka. Ndikuyang'ana chonchi, maluwa aja anamasuka limodzilimodzi mpaka kachipewa konse kanatha. Anakulunga ulusiwo, n'kuuika m'thumba la ovolosi kuti madzulo akauwononge kunyumba.