Jessamy ndi Kangolo ka Kumapeto

Lancelot Teasdale, amene tinamuika m'manda Lachiwiri lapitali, anakoketsa malasha ndi akavalo zaka makumi awiri ndi zinayi, kuchokera ku mgodi wa kumtunda kukafika ku doko la pa mtsinje wa Tees. Kavalo wake wotsiriza anali wamkazi, dzina lake Jessamy.

Pachitunda Jessamy ankakoka ngolo zinayi panjanji. Akafika pamwamba, Lancelot ankamumasula, ngolo n'kuyamba kutsetsereka zokha. Kavaloyo ankazipatukira, n'kuzithamangira m'mbuyo, n'kudumphira m'kangolo kakafupi ka kumapeto, mmene munkakhala udzu ndi ndowa ya madzi. Ankatsika phiri atakwera ngati mkazi wa bwana.

M'chaka cha 1833 eni njanji analamula kuti akavalo achoke, malasha azikokedwa ndi injini za nthunzi. Mlamu wake wa Lancelot, Cuthbert Raine, anali kale wosonkhezera moto pa injini ina.

"Alamu, ketulo yanuyo ikadzaphulika tidzakutolani ndi supuni," ankatero Lancelot.

"Yangayi sidya Lamulungu, alamu," ankayankha Cuthbert. "Wanuyo amatafuna ngakhale tsiku losala kudya."

Udzu unatha m'khola. Wogula zikopa anabwera kawiri kudzafuna Jessamy, kawiri konse Lancelot anamubweza. Khomo linatsala limodzi lokha: mlimi wina, bambo Dinsdale, anati akaona kuti kavaloyo akumvera papulawo adzalemba onse awiri, munthu ndi chiweto chake.

Mundawo unali m'mbali mwa njanji, pamwamba penipeni pa chitunda chija. Jessamy analima mizere itatu yowongoka bwino. Atamumasula kuti amwe madzi, sitima ya malasha inatulukira. Kavaloyo anaimika makutu, nadikira modekha mpaka ngolo zonse zitadutsa, monga anachitira zaka zisanu. Kenako anatulukira pachipata ali paliwiro.

"Jessamy! Bwerera, mwanawe! Kangolo kako kulibe!" anafuula Lancelot.

Jessamy anadumpha ndithu. Chifuwa chinagunda chitsulo cha ngolo yotsiriza, ndipo miyendo yakutsogolo inathyokera pakati pa njanji. Cuthbert, amene anali pa injini ya sitimayo, anacheuka, chipewa chili m'manja, koma sitima yodzaza siima pamtsetse.

"Pepani, a Teasdale," anatero mlimi uja chapansipansi. "Munthu wopanda kavalo ndilibe naye ntchito."

Madzulo ake Lancelot anapita yekha kukaitana wogula zikopa uja.

Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi akutola miyala m'malasha pakhomo pa mgodi, pakati pa nkhalamba zinzake. Kutchalitchi sanajombepo, koma nyimbo sanaimbenso. Tsiku lina mlaliki anamuuza kuti Iye amene amaona mpheta ikagwa pansi anamuonanso Jessamy.

"Anaonadi, mbale wanga," anatero Lancelot. "Inenso ndinaona. Tonse awiri tinangoona."

Mlalikiyo sanamutsutse. Mawu amenewo Lancelot wapita nawo kwa Mwini wake, amene sakwiyira munthu wosweka mtima.