Katoni ya Pansi pa Benchi la a Shumeka

...ayi apampando musandithamangitse kkkk, mwati ndilembe mbiri ya malemu a Shumeka ya m'kalata ya parishi ija, ndiye ndikulemba pompano pa foni, zolakwika mukonza nokha. Kundisankha ineyo ndasangalala mpaka kunyumba atopa nane. Zonsezi ndafunsa kwa mwana wawo ndi kwa mdzukulu wawo Kanjinga, mnzanga wa desiki imodzi kusukulu, ndiye musati ndapeka.

A Shumeka anabadwa m'banja la ana asanu ndi atatu, ndipo nyumba yonseyo munalibe nsapato ngakhale imodzi. Yoyamba kuvala inali yobwereka, tsiku lolandira Ukaristia woyamba. Inali ya munthu wamkulu, anachita kuikamo mapepala kutsogolo. Ndiye akupita kuguwa manja ali pachifuwa, nsapato imodzi inavuka n'kutsala pakati pa tchalitchi kkkkk. Iwo osabwerera, anangopitirira phazi limodzi lili pansi. Akuti mayi awo anafuna kulowa pansi ndi manyazi. Koma eniakewo mpaka kukalamba ankati, "Ambuye anandilandira ndi nsapato imodzi, munthu asandinamize kuti amayang'ana zovala."

Ntchito yosoka nsapato anaiphunzira kwa amalume awo, kenako anapeza malo pakhonde la sitolo pafupi ndi pokwerera basi. Kabenchi, nyundo, singano yaikulu, ulusi wopaka phula, kamakina kakale, ndi botolo la guluu loti fungo lake limakulonjera uli kutsidya kwa msewu. Zaka makumi anayi pamalo amodzimodziwo. Akazi awo anamwalira mwana wawo wamkazi ali wamng'ono, ndiye anamulera okha, tsitsi kumuluka okha ndi zala zonunkha polishi. Mwanayo, amene ndi mayi a Kanjinga, akuti mizere yake inkakhota moti aphunzitsi ankafunsa ngati kunyumba kwachitika ngozi kkk.

Misa ya m'mawa sankaphonya, ndipo malo awo anali benchi lomaliza. Anthu ankati n'kudzichepetsa. N'zoona, koma panalinso china. Anthu akagwada, mapazi onse amaloza kumbuyo eti. Ndiye iwo ankaona kunsi kwa nsapato za mpingo wonse, yobooka, yoyasama, yomata ndi chingamu. Potuluka ankakuyandikira n'kunena chapansipansi, "Achimwene, yakumanzereyo ikupempha thandizo, mudzere kwanga." Wopanda kanthu sankamulipiritsa, ankangoti apite asachedwetse mzere, pomwe mzere palibe. Ngakhale bambo mfumu anawagwira tsiku lina atagwada paguwa ndi kabowo kolowa chala kunsi kwa nsapato. A Shumeka mawu awo anali akuti, "Mulungu amaona mumtima, ine anandipatsa zapansi."

Mdzukulu wawo anamutcha okha Kanjinga chifukwa sankayenda, ankangothamanga, ukamutuma amabwera usanatseke pakamwa. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, woyamba kuzindikira kuti china chalakwika sanali dokotala ayi, anali agogo akewo. Anatembenuza nsapato zake zakusukulu n'kuona kuti yakumanja yatha chidendene pomwe inzake ikadali yatsopano.

"Iwe Kanjinga, mwendo uwu ukuubisira chiyani?"

"Palibe agogo."

"Nsapato sinama. Tapinda siketiyo ndione bondo."

Bondo lakumanzere linali litatupa, lotentha. Kuchipatala chaching'ono anangopereka mankhwala opha ululu. Kuchipatala chachikulu anajambula, anatenga kanyama kukayeza, kenako dokotala anawaitanira m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anati ndi khansa ya m'mafupa. Anati kunja kuli madokotala amene amachotsa fupa lodwalalo n'kuikapo lachitsulo, mwendo n'kutsala. Kuno angathe kungodula basi. Anawapatsa miyezi inayi yoti ayesere kupeza ndalama, mwana akulandira mankhwala a m'dripi. Mtengo wake sanautchule pakamwa, analemba papepala. A Shumeka anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu ngati cholembera chinaterereka. Dokotala sanaseke.

Apa ndiye ndisiye kuseka kaye.

Anagulitsa makina aja. Mayi a Kanjinga anagulitsa firiji, bedi, ndi mipando, m'nyumba mukalankhula mawu ankachita kubwerera. Kuparishi kunayenda mbale yachiwiri, akwaya anatsuka magalimoto masabata atatu. A Shumeka anavala jekete lawo la Lamulungu n'kumayenda ofesi ndi ofesi, kalata ya dokotala ili m'pulasitiki kuti isanyowe ndi thukuta. Kwina abwana ali pamsonkhano. Kwina bwerani mawa. Kwina anawakhazika pampando kuyambira m'mawa mpaka woweruka anayamba kuzimitsa magetsi. Iwo ankangokhala, chipewa pamaondo, maso pansi, kuona nsapato zodula zikudutsa, zopanda ndi kabowo komwe koti n'kuyambira nako nkhani. Zonse zitasonkhana zinangokwana tikiti ya ndege ya munthu mmodzi, yopita yokha, chipatala chakunjacho osachikhudza n'komwe.

Ndiye m'miyezi yomweyo anayamba kusoka nsapato za ulendo. Anabwera ku wodi ndi chidutswa cha katoni ndi pensulo, kumuimika Kanjinga pakatonipo n'kujambula mapazi onse awiri. Mwana tsitsi lathothoka, akusanza chilichonse, koma pensulo ikadutsa pakati pa zala ankaseka mpaka anamwino kusuzumira.

"Kunja sungapite ndi mapatapata," iwo anatero, "angatiseke kuti kwathu kulibe amisiri."

Anasoka ndi manja poti makina anali atapita. Zofiira, za kalamba kapamwamba. Anazibweretsa zitakulungidwa m'nyuzi n'kuziika kumutu kwa bedi pamodzi ndi pasipoti. Mayi a Kanjinga anawakokera pakhonde.

"Ababa, mwana akutha uyu, inu muli pa nsapato?"

Iwo anayang'ana manja awo. "Mwana wanga, china chimene ndimadziwa n'chiyani?"

Onse awiri anangoima pamenepo, wokolopa akuwapempha kuti asunthe mapazi.

Ankapemphera, zimenezo musakayike. Koma bambo mfumu akuti tsiku lina masana anawapeza okha pa benchi lomaliza lija, kolona ili m'manja koma zala zosayenda. Atawafunsa ngati akupemphera anayankha kuti, "Ayi bambo, mawu anandithera sabata yatha. Ndangokhala pano kuti Ambuye azindiona."

Miyezi inayi inatha. Palibe ofesi imene inaimba foni. Dokotala anati akadikiranso matenda akwera m'mapapo, ndipo pamenepo si za mwendonso ayi. Anabweretsa pepala losaina kuti mwendo udulidwe. Cholembera chinagwa kawiri m'dzanja la mayi a Kanjinga, a Shumeka anachitola n'kuwagwira pamkono mpaka dzina linatha kulembedwa. Iwo amene anakhala moyo wonse akusamala mapazi a anthu osawadziwa.

Kanjinga atatsitsimuka bwinobwino patapita masiku, chinthu choyamba kuona chinali nsapato zofiira zija, ziwiri, zili phee kumutu kwa bedi. Anatenga yakumanzere n'kuwagenda nayo agogo ake pachifuwa. Iwo anaitola, anaipukuta ndi mkono wa jekete, n'kuyamba kuyenda mu wodi pang'onopang'ono akuyang'ana kumiyendo kwa bedi lililonse ngati mmene amachitira m'tchalitchi. Anamwino ankaganiza kuti mutu wawasokonekera. Pabedi la pawindo anapeza kamtsikana kena kamene anakadula mwendo wakumanja. Anapempha kwa mayi ake, anagwada, anakaveka. Inakwana ndendende kkkk, ine mpaka lero sindimvetsa.

Kuyambira pamenepo ankawatchula kuti mapasa anga. Atsikana awiri akuphunzira ndodo pakhonde la wodi, peyala imodzi ya nsapato, wina kumanja wina kumanzere, akukangana kuti yokongola ndi ya ndani. Ndalama za tikiti zija zinathera pa mankhwala, mayendedwe ndi ndodozo. Pasipoti ilipobe m'kabati, ilibe chidindo ngakhale chimodzi.

Patatha chaka ndi miyezi, mayi a mtsikana wa pawindo uja anafika pakhonde la sitolo ndi kajumbo. Sanakhale pansi. Anangopereka kajumboko n'kunena kuti zikomo, mwana anaikonda. Munali nsapato yofiira yakumanzere. Tsiku limenelo a Shumeka sanasoke kanthu, makasitomala anabwerera ndi nsapato zawo m'manja.

Kanjinga anachira, mukumuona nokha mmene amatilongolozera ku kwaya. Chaka chilichonse phazi likakula agogo ake ankamusokera yatsopano, koma nthawi zonse ziwiri. Mayi ake akadandaula za chikopa chongowonongeka ankati, "Manja angawa sadziwa kusoka imodzi." Ndipo Loweruka loyamba la mwezi ankavala jekete lija n'kupita ku wodi ya ana ndi yakumanzereyo, kukafuna phazi. Nthawi zina ankalipeza. Nthawi zambiri ayi. Zina zinkapita n'kubweranso m'kajumbo. Kuchiritsa sakanatha, ndege sakanaikwanitsa, koma sanaphonye Loweruka ngakhale limodzi, ngakhale maso atayamba kuchita chifunga moti ulusi ankawalowetsera pasingano ndi Kanjinga akaweruka kusukulu.

Mwezi wathawu analandira sakramenti la odwala chifukwa chifuwa chinkawavuta, koma m'mawa mwake anali kale pa benchi lomaliza. Lachinayi atachoka ku Misa anatsegula ntchito monga mwa masiku onse. Cha m'ma leveni anatsamira khoma, nsapato ya munthu ili pamwendo, kolona yakulungidwa padzanja. Kasitomala wina anaganiza kuti akugona ndiye anakhala pambali kudikira mwaulemu theka la ola, pepani ndaseka koma iwonso akanaseka. Anapita choncho, mwakachetechete, dzuwa likuwawomba kumapazi.

Pansi pa benchi lawo la kuntchito anthu anapeza katoni. Munali nsapato zisanu, zonse zakumanzere, kuyambira kofiira kaja mpaka ya chaka chino, zopolishidwa bwinobwino.

Pa Misa ya maliro ine ndinachedwa ndiye ndinakhala kumbuyo, pamalo pawo penipeni. Anthu atagwada ndinayang'ana. Apampando, pafupifupi mzere uliwonse unali ndi ulusi wawo, ngakhale inuyo yakumanja kkkk. Chitsanzo chimene atisiyira muchilembe inu mwa Chichewa chabwino, ine ndingoti munthu uyu anapempha chinthu chimodzi kwa Mulungu, sanapatsidwe, ndipo mawa lake anapitabe ku Misa.

Ndisanatumize kwa inu ndinayamba ndamutumizira Kanjinga kuti avomereze, ndiye wayankha chonchi, ndangokopera osasintha:

"Iwe walemba bwino koma chotsa zoti ndinawagenda, ine ndinkagenda khoma iwo anangoima polakwika. Komanso yofiira ija inkandithina koopsa, phazi linatupa ndi mankhwala, koma sindinawauze mpaka apita. Katoni ili kwa ine. Loweruka ndikupita nayo ku wodi, ubwere udzandinyamulire, manja anga ali ndi ndodo."