Ulendo Wopanda Maliro

Amayi anga dziko la Malawi amalidziwa bwino, koma amalidziwira pa maliro. Mukatchula Mangochi, iwo sakamba za nyanja. Amakumbuka kuti n'kumene tinakaika amalume, ndipo adzukulu akumeneko anachedwa kukumba manda. Mulanje kwa iwo si phiri ayi, n'kumene mvula inawanyowetsa pa chinkhoswe, ndiwo n'kuchepanso. Kwathu ku Domasi munthu wamkulu sakwera minibasi popanda chifukwa. Akaoneka pa siteji ya Songani atavala chitenje chatsopano, anthu amafunsa kuti kwagwanji.

Bambo atamwalira, amayi anatsala okha m'nyumba, ndipo tsiku lina anagwa kumunda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinakonza chipinda kunyumba kwanga ku Lilongwe, n'kugula matiresi ndi makatani, koma iwo anakanitsitsa kwamtuwagalu. Ine ndine wosachedwa kupsa mtima, moti tinakangana pafoni mpaka mayunitsi kutha. Kenako ndinapeza nzeru ina. Ndinati ndiwayendetse, aone kuti dziko ndi lalikulu ndiponso lokongola, mwina mtima wawo ungamasuke n'kuvomera kuchoka m'chigwamo.

Nditafika ndi galimoto pa tchuthi, ndinawauza kuti mawa tikupita ku Liwonde.

"Kwa ndani?" anafunsa.

"Kwa aliyense ayi, amayi. Kukangoona nyama."

"Nyamazo zadwala?"

M'mawa ndinapeza nkhuku yomanga miyendo kumbuyo kwa galimoto, pambali pake thumba la mbatata. Anati munthu safika kwa eni ake chimanjamanja. Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti njovu sizilandira alendo, koma nkhuku inapita basi. Tinaisiya kwa mayi wina wogulitsa nthochi tisanafike pageti la malo osungirako nyama. Mayiyo anathokoza ali wodabwa, amayi n'kumufunsa za ana ake onse mmodzimmodzi, ndipo anakwera galimoto atakhutira kuti tsopano ku Liwonde ali ndi m'bale.

Njovu anaziona ndithu, zikuwoloka msewu patsogolo pathu. Ine ndinkadikira kuti akuwe ndi chisangalalo. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti eni minda ya kuno ndiye akuona zakuda. Mvuu zokha n'zomwe zinawaseketsa, ati zikugona ngati akulu ampingo nthawi ya ulaliki.

Tsiku lotsatira ndinawazunguliritsa m'tauni ya Zomba, kuwaonetsa nyumba yakale ya malamulo ndi chipilala cha asilikali, uku ndikufotokoza mbiri yake monga tinkaphunzirira kusukulu. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa ngati tingadutsire kuchipatala, popeza mayi wina wa kumpingo kwawo wagonekedwa kumeneko. Tinadutsira. Mawondo awo, amene ankawawa pa chipilala paja, m'wodi muja anachira.

Chinatsala ndi phiri la Zomba. Amayi akhala m'munsi mwake moyo wawo wonse, akuonera mvula pa ilo, koma pamwamba anali asanafikepo. Anati akwera pokhapokha anzawo a kuseri kwa mpanda apite nawo. Anzawowa ndi mayi wachisilamu amene amagulitsa tomato pa Songani, ndipo akhala moyandikana kuyambira ine ndisanabadwe. Amakangana za mbuzi pafupifupi sabata iliyonse. Amayi amati anzawo amadzutsa mudzi wonse ndi mapemphero a m'mbandakucha, anzawowo amati nyimbo za Mvano za amayi zimaletsa nkhuku kuikira. Ine sindinafune kuwatenga, chifukwa ndinkafuna ndikalankhule ndi amayi pawiri, koma ndinagonja.

Msewu wokhotakhota uja onse awiri anaupempherera, aliyense m'njira yake, mokweza. Pamwamba panali kuzizira, fungo la paini lili ponseponse. Tinafika pa dzenje la Chingwe, ndipo bambo wotiperekeza anafotokoza kuti anthu amati kalekale m'menemo ankaponyamo anthu. Amayi ananditembenukira ndi diso loyipa.

"Iwe, watibweretsa kumanda osatiuza? Tikanavala zoyenera."

Anagwada pang'ono, anzawo n'kukonza mpango kumutu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonsewo amayi anaoneka kuti akudziwa chimene abwerera.

Kenako tinapita pamalo poonera mbali ya kwathu. Kunja kunali kowala bwino. Nyanja ya Chilwa inkanyezimira patali, mapiri akuoneka mbuu kutsogolo kwake. Apa ndi pamene ndinkadikira. Ndinatambasula mkono ngati dzikolo ndinalipanga ndine.

"Mwaona, amayi, kukula kwake dziko? Domasi ndi kadontho chabe."

Palibe anandimva. Awiriwo anali atagwirana mapewa, maso ali pansi penipeni.

"Achemwali, uwo si msewu wa ku Liwonde?"

"Eetu. Ndiye apo ndi pa Songani. Mzikiti ndi uwo."

"Nanga tchalitchi chathu?"

"Chabisika. Mitengo yake simudulira inu."

Anayamba kutchula madenga. Uyu wafolera malata atsopano, uyu sanalimebe, apo pakufuka utsi ndiye kuti akuwotcha njerwa. Ndikukhulupirira kuti theka la zimenezo sankaziona n'komwe, ankangodziwa pamene zili. Mtima wanga unakwera. Mafuta onse aja, mapiri, njovu, iwo n'kumawerenga malata a anthu a kwathu kwa Malemia!

"Amayi," ndinatero, "ku Lilongwe kuli chipatala pafupi, kuli madzi m'nyumba, kuli ine mwana wanu. Mukadzagwanso kumunda kuja, adzakutoleni ndani?"

Anzawo anatsokomola n'kusendera uko, ngati akufuna kuona bwino nyanja. Amayi anandiyang'ana, osakwiya ayi.

"Tsiku lija ananditola ndani?"

Ndinayang'ana anzawo aja: yankho lake linali litaima poteropo, likukonza mpango.

"Iwe umachoka m'mawa, umatseka geti, umabwera kutada," anapitiriza. "Sindikukunyoza, mwanangu, ndi ntchito. Koma kwathu kuja ndikachedwa kutsegula chitseko, awa amagogoda mpaka ndiyankhe, ngakhale titayambana dzulo lake. Kwanu ndikadzachedwa kutsegula, mudzati agogo akupuma, musawasokoneze."

Ndinafuna kutsutsa, koma misozi inatsika ndili chiimire. Ndinali ndi chisoni, ndinalinso ndi manyazi pang'ono, chifukwa mawu akuti agogo akupumawo ndikanawanenadi ine ndi pakamwa panga.

Amayi anandipukuta ndi nsonga ya chitenje ngati kamwana, n'kuitana anzawo.

"Achemwali, tiyeni tizitsika. Taliona dziko lake. Mbuzi zanu zija pano zili m'munda mwanga."

Ku Lilongwe ndinabwerera ndekha. Ndisananyamuke ndinalowa kuseri kwa mpanda, n'kupempha nambala ya foni ya anzawo aja.