Anandimeta amayi ali moyo

Ntchito ya pa sitima yapamadzi ndinaipeza ku Durban, komwe ndinkatsuka magalimoto pafupi ndi doko. Bambo wina wa ku Zambia amene tinkaimba limodzi kwaya kutchalitchi anandiuza kuti sitima ina yonyamula katundu ikufuna anthu. Ndinachita maphunziro achitetezo, adokotala anandiyeza, basi ndinakwera. Mwana wa ku Chongoni, amene madzi aakulu ndinkawadziwa ndi a padambo pathu!

Ndikulemba izi tabwereranso ku Durban, titazungulira dziko lonse. Tadutsa ku Singapore, ku Korea, pa ngalande ya Panama ndi ku Brazil. Anthu akumudzi akuganiza kuti ndaona zambiri. Chimene ndaona kwambiri ndi dzimbiri. M'mawa uliwonse unkatenga hamala kugogoda chitsulo, kupala ndi burashi ya waya, kupaka penti wofiira woyamba, akauma n'kupaka wachiwiri. Ukamaliza kutsogolo, kumbuyo mchere wadya kale.

Kapitawo wathu anali munthu wamfupi, wa khosi ngati la ng'ombe, ndipo ndinadana naye kuyambira sabata yoyamba. Dzina langa ndine Fabiano, koma iye sanalitchulepo. Ankangoti, "Iwe, Afirika, penti uyu wapaka ndi phazi?" Ndinkangopitiriza kupaka. Amayi anali akudwala kumudzi, miyendo itatupa, ndipo achemwali anga a Agnesi ndi amene ankawasamala. Ndikanachotsedwa ntchito, chithandizo chonse chikanathera pomwepo.

Tsiku loipa linafika tikuwoloka ikweta, mzere wogawa dziko pakati. Apasitima ali ndi mwambo wawo: amene akuwoloka koyamba amamuthira madzi onyansa a kukhitchini, kenako amamumeta mpala. Iwo amati ndi masewera. Madziwo ndinalola. Nditaona kapitawo atanyamula makina ometera, ndinabwerera m'mbuyo. Pamtundu pathu mpala timameta maliro akatha, achibale tonse pamodzi. Ine ndinali ndisanametepo chiikireni bambo anga.

Ndinamuchonderera. Ndinati amayi anga ali gone, kwathu kumeta chonchi ndi kulira munthu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Pano si pamudzi pako. Khala pansi, kapena ukatsike padoko lotsatira."

Anthu awiri anandigwira mapewa. Hamala yanga inali pafupi ndi phazi langa, ndipo sindinama, ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kapitawoyo ndikanamuphwanya nayo bondo. Koma ndinaona nkhope ya amayi, ndipo hamalayo ndinaisiya pomwepo. Tsitsi linagwa padeki, pabwalo la sitimayo, anzanga akuwomba m'manja ndi kujambula. Atamaliza, kapitawo anandipatsa tsache kuti ndisese ndekha.

Titayandikira doko, foni inagwira. Ndinavala chipewa n'kuimba foni yoonana. A Agnesi anali pakhonde, atafunda chitenje chifukwa cha chisanu cha kwathu. Anapereka foni kwa amayi, amene anali chigonere pamphasa. Anaonda kwambiri, koma maso anali akuthwabe.

"Ukulankhula ndi ine utavala chipewa? Ulemu unausiya m'madzimo? Vula."

Ndinayesa kuzemba, ndinati kuno kukuzizira. Anabwereza mawu omwewo. Ndinavula.

A Agnesi anagwira pakamwa. Kenako amayi anafunsa motsitsa, "Fabiano mwana wanga, adokotala akuuza chiyani chimene ine akundibisira?"

Ndinalumbira, ndinafotokoza za mwambo wa apasitima, koma sanandikhulupirire. A Agnesi anandiuza pambuyo pake kuti amayi anakana mankhwala masiku angapo, n'kuitanitsa abambo mfumu ku parishi kuti adzawadzoze. Zinatengera amalume kudzakhala nawo pansi kuti ayambirenso kumwa. Amayi ali moyo, Mulungu ngwabwino, koma mantha amenewo sindidzaiwala, ndipo kapitawo uja sindinamukhululukire. Dzulo potsika anatambasula dzanja kuti titsanzikane. Ndinanyamula chikwama changa n'kumudutsa.

Amene mukufuna ntchito imeneyi, dzimbiri musaliope, mafunde mudzazolowera. Chovuta ndi anthu amene masewera awo amawachitira pamutu pa mnzawo osafunsa. Tikuwolokanso ikweta pobwerera, panali mnyamata watsopano, ndipo kapitawo anaika makina aja m'manja mwanga kuti tsopano ndi nthawi yanga yobwezera. Ndinapita nawo m'mphepete mwa sitima, ndinatambasula zala, ndipo tonse tinawamva akugwera m'madzi.