Dzanja la achemwali pawindo la mankhwala

Ntchito ya pawindo la mankhwala ndinaipeza kudzera kwa mkulu wa mpingo wathu, chaka chotsatira chisankho cha matipate. Anamva kuti chipatala china cha ku Neno kuno chikufuna mtsikana wodziwa kuwerenga. Ine ndinkadziwa, basi anandilemba.

Bwana wanga anali a Mangani. Anandipatsa thireyi yowerengera mapilitsi, kampeni kokankhira ndi timaenvulopu. Kwa osadziwa kuwerenga tinkajambula timizere: katatu patsiku, timizere titatu. Wodwala ankalowetsa tikiti pawindo, ine n'kuwerenga zomwe adokotala alemba.

Inali nthawi imene Edzi inkatha anthu, ndipo mankhwala ake kunalibe. Tinkangopereka panado, bakitirimu ndi jivi wa zilonda za m'kamwa. Anzathu awiri a mu ofesimo anamwalira chaka chimodzi, tinatsala ine ndi a Mangani. Nditapempha tchuthi anati, "Ukapita iwe, windo atsegule ndani?"

Ndinatopa mpaka mtima unauma. Ndinasiya kuyang'ana nkhope, chifukwa nkhope ndinkazilota. Ndinkangoona dzanja ndi tikiti, ndipo pa tikitipo ndinkawerenga mankhwala okha, dzina ayi.

Lachisanu lina bakitirimu anatha m'mawa, mzere ukadali mpaka pa mtengo wa mango. Dzanja loonda linalowetsa tikiti. Ndinaikankha osadzutsa mutu.

"Atha. Bwerani Lolemba. Wina!"

Dzanjalo linachedwa kuchoka. Ndinakalipa, "Kodi simukumva?" Linatenga tikitiyo pang'onopang'ono.

Lolemba m'mawa alamu anga anafika pa njinga kuchokera ku Dambe. Achemwali anga a Esinati, omwe anandilera mayi atamwalira, anali atatisiya Lamulungu. Ndinali ndisanapite kumudzi miyezi isanu ndi iwiri, sindinkadziwa n'komwe kuti akudwala. Alamu anandipatsa tikiti ija ili ndi dzina la achemwali.

"Anabwera Lachisanu," anatero. "Anati anakuonani mwatopa kwambiri, sanafune kukuvutitsani."

M'kabati munali mapilitsi ochepa omwe a Mangani ankasungira odwalitsitsa. Mwina sakanawachiritsa, sindikudziwa. Koma ndikanawagoneka kwanga, osati abwerere ku Dambe ali choncho. Zimandiwawa mpaka lero.

A Mangani anandilanda kampeni m'manja. "Pita, mwanawe. Ukhale sabata yonse." Chinali tchuthi changa choyamba.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zambiri, ndipo anthu ankadandaula kuti mzere wanga umachedwa. Uchedwe. Sindinkalandira tikiti ndisanayang'ane mwiniwake kumaso n'kutchula dzina lake.